Za Zithunzithunzi za Mabwinja ndi za Mbandakucha pa Chembe

Masiku ano zithunzithunzi za kunyanja zachuluka ndithu. Tiziona pa makalendala opachikidwa m'maofesi a sukulu, pa makadi ogulitsidwa kwa alendo, m'mabuku oitanira anthu akunja kuti adzacheze m'dziko muno, ndiponso m'mafoni a m'manja amene ngakhale ophunzira athu ali nao. Mwa zonsezi pali mitundu iwiri imene ojambula aikonda koposa: wina ndi wa nyumba zakugwa ndi malo osiyidwa, wina ndi wa dzuwa lili pafupi ndi madzi, bwato limodzi lili chapatali. Popeza inu amene muli kuphunzira uphunzitsi mudzatenga zithunzi zotere kunka nazo pamaso pa ana, pa phunziro la chimangirizo kapena la mbiri yakale, nkoyenera kuti tiziyese bwino, monga tiyesera nthano kapena ndakatulo, kuti tione chimene zinena ndi chimene zibisa. Ndasankha Chembe, mudzi wa asodzi wa m'boma la Mangochi umene pa mapu ulembedwa Cape Maclear, chifukwa ndiwo amodzi a malo ojambulidwa kawirikawiri m'dziko lathu, ndiponso chifukwa mwambo wouonetsa ngati malo opanda anthu unayamba kale kwambiri.

Chithunzi choyamba chinali cha mau

Mwezi wa October chaka cha 1875 kagulu ka amishoni a mpingo wa Free Church of Scotland, kotsogozedwa ndi E. D. Young, mmene munalinso Dr. Robert Laws, kanalowa m'nyanja pa sitima yaing'ono ya Ilala. Sitimayo inali itasenzedwa zidutswazidutswa pamitu ya anthu mazana ambiri polambalala mathithi a mtsinje wa Shire. Atalandira chilolezo kwa mfumu Mponda, amishoniwo anakocheza pa Chembe namanga mishoni imene anaitcha Livingstonia. Dzina lakuti Cape Maclear analipeza lilipo kale, pakuti David Livingstone ndiye analipereka m'chaka cha 1861 polemekeza bwenzi lake Thomas Maclear, katswiri wa nyenyezi wa ku Cape Town. Koma malowo sanawayanje. Doko linali labwino, koma nthaka yolima inali yochepa, midzi yozungulira inali yowerengeka, ndipo malungo anali pakhomo. M'chaka cha 1881 anasamukira ku Bandawe, ndipo m'chaka cha 1894 anakwera phiri kunka ku Khondowe, kumene kuli Livingstonia wa lero.

M'chaka cha 1883 kunafika mlendo wa ku Scotland, Henry Drummond, mphunzitsi wa za chilengedwe pa koleji ya mpingo womwewo ku Glasgow. M'buku lake lotchedwa Tropical Africa, limene linasindikizidwa m'chaka cha 1888, iye afotokoza mmene anayendera mishoniyo nyumba ndi nyumba, napeza monse muli mosamalika koma mopanda eni, kufikira munthu wina wa pomwepo anamtsogolera kumanda. Ndime imeneyi njolembedwa mwaluso. Mlembi satiuza kuti timve chisoni. Angotiyendetsa khomo ndi khomo kufikira mtima wathu uyamba kufunsa kumene anthu anapita, ndipo manda ndiwo ayankha. Cholinga chake chinali kuonetsa ukali wa malungo, pa nthawi imene anthu anali asanadziwe kuti nthendayi ifala ndi udzudzu, pakuti Ronald Ross anatulukira zimenezi m'chaka cha 1897. Pa cholinga chimenecho anapambana.

Koma wowerenga wochenjera ayenera kufunsa funso limodzi: anali kusesa nyumbazo ndani? Aliyense wokulira kumudzi adziwa kuti nyumba yosiyidwa zaka ziwiri siikhala yoyera. Chiswe chidya nsichi, mileme idzaza kudenga, ndipo mbuzi zisandutsa khonde khola. Nyumba yosesedwa ili ndi mwini tsache. Mbiri itiuza kuti amishoni pochoka anasiya malowo m'manja mwa Albert Namalambe, munthu woyamba kubatizidwa pa mishoni ya Livingstonia, mwezi wa March 1881, kuti awayang'anire ndi kupitiriza ntchito. Tsono malo amene mlendo anawaona ngati bwinja anali ndi wowasunga. Ngakhale munthu uja anamtsogolera kumanda sapatsidwa dzina m'ndimeyo. Ndiponso manda asanu amene alipo si a Azungu okhaokha: pamodzi ndi Dr. William Black, amene anamwalira m'chaka cha 1877, pagona Shadrach Ngunana, mmodzi wa anyamata anai achikuda amene anachokera ku sukulu ya Lovedale ku South Africa m'chaka cha 1876, namwalira iyenso m'chaka cha 1877. Ameneyu anali mphunzitsi monga mudzakhalira inu, ndipo ali mmodzi wa oyamba kuphunzitsa ana sukulu m'mbali mwa nyanja iyi.

Drummond sanalembe bodza. Chimene anachita ndicho kusankha poima ndi kusankha choyang'ana. Ojambula a makono, ngakhale ambiri sanawerenge buku lakelo, aima pomwe iye anaima.

Bwinja lili ndi eni ake

Nyumba za amishoni zija zinatha kalekale, ndipo chotsala ndi manda aja m'tsinde mwa phiri. Koma ojambula apeza zina m'dera lonse la kummwera kwa nyanja. Pali malo amene panali hotela ya masiku aja ndege zotera pamadzi za kampani ya BOAC zinkaima pa Cape Maclear pa ulendo wa pakati pa England ndi South Africa. Zinayamba m'chaka cha 1949 nizileka m'chaka cha 1950, ndipo hotelayo siinakhalitse pambuyo pake. Pali makoma a linga la Fort Mangochi pamwamba pa phiri cha ku Namwera, limene boma la Azungu linamanga litagonjetsa mfumu Jalasi m'chaka cha 1895. Pali masitolo akale a Amwenye pa misika ya kumidzi, amene anatsekedwa pamene boma linalamula m'zaka za m'ma 1970 kuti amalonda amenewa azichita malonda m'mizinda ikuluikulu yokha. Pali nyumba zimene madzi anazilowa nyanja itakwera m'chaka cha 2024. Palinso nyumba za njerwa zolekera pa mawindo, udzu utamera mkati, zimene eni ake ali ku Joni kufunafuna ndalama za malata.

Pa chithunzi zonsezi zifanana: khoma long'aluka, zenera lopanda galasi, kachere atamera pa njerwa, mtambo kumwamba. Ichi ndicho chilema chachikulu cha zithunzi za mtundu uwu. Kamera ionetsa mng'alu, koma siionetsa chimene chinang'alula. Nyumba ina inagwa ndi lamulo, ina ndi madzi, ina ndi kusintha kwa njira za ndege, ndipo ina siinagwe konse, ingodikira denga. Wojambula amene azisonkhanitsa zonse pansi pa mutu umodzi wakuti malo oiwalika asakaniza maliro ndi chinkhoswe.

Pano chinenero chathu chitithandiza. Liu lakuti bwinja silitanthauza malo opanda mwini. Makolo ankasamuka nthaka ikaguga, imfa zikachuluka pamudzi, nkhondo ikayandikira, kapena abale akayambana. Koma pamene anachokapo pankadziwikabe ndi dzina la mudziwo. Pabwinja pamera maungu ndi bonongwe chifukwa cha phulusa la madzala akale. Mitengo ya mango ndi nsatsi isonyeza pamene panali mabwalo. Ndipo manda sasamuka, kotero kuti anthu abwerera komweko kukaika abale ao. M'midzi yambiri ya Achewa nyumba ya munthu womwalira inkagwetsedwa dala potsata mwambo wa maliro. Mlendo aona chipupa chakugwa nati anthu awa ataya zao. Mwini mudzi aona chipupa chomwecho natchula dzina la agogo ake. Akulu anati mlendo ndi mame, ndipo chithunzi cha munthu wogona masiku awiri chikhala ndi nzeru za masiku awiri, ngati iye sanafunse.

Dzuwa silituluka m'madzi pa Chembe

Tsopano titembenukire ku dzuwa. Choyamba ndi nkhani ya mapu, imene mwana wa Sitandade 5 angathe kuitsata. Gombe la Chembe liyang'ana kumpoto chakumadzulo, kumene zilumba za Thumbi, Domwe ndi Mumbo zionekera, ndipo kumbuyo kwa mudzi kuli mapiri. Chifukwa chake dzuwa pa Chembe litulukira kuseri kwa mapiri, ndipo kuwala kuyamba kugwa pa nsonga za zilumba ndi pa madzi akutali mudzi ukali mumthunzi. Wofuna kuona dzuwa likutuluka kutsidya kwa madzi ayenera kunka ku Monkey Bay, kumene eni ake amati Lusumbwe, kapena ku Nkhudzi ndi ku Nkope, magombe oyang'ana kum'mawa. Tsono mukaona chithunzi cha dzuwa lofiira litakhala pamwamba pa madzi pafupi ndi Thumbi, pansi pake palembedwa kuti mbandakucha pa Cape Maclear, dziwani kuti dzuwa lolowa lapatsidwa dzina la mnzake. Wolemba mauwo sanaime pagombepo m'mamawa.

Chachiwiri ndi cha kamera yeniyeniyo. Diso la munthu litha kuona thambo lowala ndi nkhope ya mnzake nthawi imodzi, koma kamera ikaloza kudzuwa iyenera kusankha: ikasunga kufiira kwa mitambo, zonse za patsogolo zisanduka zakuda bii. Nchifukwa chake msodzi wa m'zithunzi izi alibe nkhope. Ali mthunzi chabe woimirira m'bwato, woikidwapo kuti ukometse madzi, monga aikira mbalame kapena mlambe. Sitidziwa ngati ndi mnyamata kapena nkhalamba, ngati wapha kapena wabwera chimanjamanja. Kujambula kotere kukongola, sindikana. Koma zithunzi zikakhala zana limodzi, zonse zotero, ana athu aphunzira kuti munthu wa kunyanja ndi chokometsera malo.

Chachitatu ndicho cholemera. M'mamawa gombe la Chembe silikhala chete. Ndiyo nthawi imene asodzi a usipa, amene anachezera pamadzi ndi nyale zao, akocheza. Amai ndi ogula nsomba athamangira ndi mabeseni. Mitengo ikambidwa mokweza mau. Usipa uyalidwa pa thandala dzuwa lisanakule. Ena atsuka mbale, ena achapa, ana atunga madzi asanapite kusukulu, ndipo abambo asoka chilimira pamene panang'ambika usiku. Mudziwu uli ndi anthu zikwi zambiri. Kuti wojambula apeze gombe lopanda munthu, ayenera kuyenda kufikira kumapeto kwa mudzi, kapena kudikira nthawi yaitali, kapena kudula m'mbali mwa chithunzi. Bata limene tiliona pa kalendala ndi lopangidwa ndi lumo.

Ndipo iyi si nkhani yamasewera ai. Kuyambira m'chaka cha 1980 mapiri ozinga Chembe, zilumba, ndi madzi a mamita 100 kuchokera m'mphepete mwa malo amenewa zili m'dera lotetezedwa la Lake Malawi National Park, limene bungwe la UNESCO linaliika m'gulu la chuma cha dziko lonse lapansi m'chaka cha 1984, makamaka chifukwa cha nsomba za mbuna. Mudzi wa Chembe ndi ina ingapo inatsala mkati monga zilumba za anthu. Kumeneko nkhani za nkhuni, za malo oponya khoka, ndi za gombe loti pamangidwe nyumba zogona alendo zili za tsiku ndi tsiku. Anthu akutali amene aweruza nkhani zotere kawirikawiri adziwa malowo mwa zithunzi. Ndipo munthu amene wazolowera kuona gombe lopanda anthu savutika mtima pomva kuti laperekedwa kwa wina.

Taonaninso mmene chinenero chathu chigawira nthawi imeneyi. Tili ndi tambala woyamba, kutuluka kwa nthanda, mbandakucha, kuyera kwa kum'mawa, kufikira tinena kuti kwacha. Mau onsewa ndi a anthu a ntchito: wa ulendo anyamuka tambala woyamba, mlimi atola khasu mbandakucha. Kwacha ndi liu lodzutsira mnzako. Nchifukwa chake linagwira mitima pa misonkhano ya ndale Dr. H. Kamuzu Banda atabwerera kuno m'chaka cha 1958. Nchifukwa chake mbendera ya 1964 inakhala ndi dzuwa lotuluka, ndipo ndalama ya 1971 inatchedwa kwacha ndi tambala. Pamene dzuwa la pa mbenderalo linasinthidwa m'chaka cha 2010 kukhala lathunthu loyera, ambiri anadandaula, nilibwezedwa m'chaka cha 2012. Kwa ife kucha ndiko kudzuka kwa anthu, ndipo chithunzi cha mbandakucha chopanda wodzuka chanena theka lokha la liulo.

Zimene zikoma

Tisapyole malire nkuyesa ntchito yonseyi yachabe. Nyumba za kumidzi sizikhalitsa. Ya zidina ikasiyidwa yopanda denga zaka zowerengeka ibwerera kudothi. Nthawi zambiri chithunzi ndicho chokha chimene chitsala, ndipo ana a mtsogolo adzayamika munthu amene anajambula sitolo yakale kapena tchalitchi cha udzu chisanagwe. Ndiponso ojambula ochokera kutali atiphunzitsa kuyang'ana zimene maso athu anazizolowera, pakuti akulu omwe aja anatinso mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa.

Kuwala kwa m'mamawa nakonso kuli ndi ntchito yoona. Dzuwa likakhala pansi, kuwala kwake kudza cham'mbali nikukhudza khoma mopingasa, kotero kuti mzere uliwonse wa njerwa, zala za womata, ndi zilembo zofufutika za pamwamba pa khomo la sitolo zioneka. Koma dzuwa likafika paliwombo zonsezi zibisika. Kufiira kwake kudza chifukwa cha mtunda wautali wa mpweya umene kuwalako kupyola, ndipo kukula m'miyezi ya September ndi October, pamene fumbi ndi utsi wa moto wa m'tchire zadzaza mlengalenga. Nthawi imeneyi njaifupi kuno kwathu, popeza tili pafupi ndi mzere wa Ikweta. Wojambula wabwino afika kukali mdima nadikira, pakuti kuona maso a nkhono nkudekha. Ndipo akafuna nkhope za anthu, apereka msana kudzuwa kuti kuwala kugwe pa iwo. Pa Chembe ichi nchapafupi, chifukwa woima kumtunda, dzuwa likangosuzumira pamwamba pa phiri, ali nalo kale kumbuyo. Msodzi wotsika m'bwato aoneka nkhope yonse, ndi kutopa kwake, ndi nsomba zake. Chotero malo omwewa amene akana chithunzi chozolowereka chija ndiwo apatsa chithunzi choposa, kwa munthu wofuna kuchitenga.

Muyeso wanga tsono ndi uwu. Chithunzi chabwino cha bwinja chisiya chizindikiro cha eni ake: kanjira kopondedwa kopita kumanda, mtondo wogudubuzika pakhonde, munda wa chimanga wolimidwa kufikira pakhoma. Chithunzi chabwino cha mbandakucha chionetsa amene kwawachera. Ndipo mau a pansi pake atchule dzina la malo monga eni ake alitchula, chaka chimene chinajambulidwa, ndi chifukwa chimene nyumbayo inasiyidwira.

Kwa mphunzitsi

Mukapachika chithunzi chotere pabolodi, musalekere pa funso lakuti muli kuona chiyani, pakuti ana adzangowerenga bwato, madzi ndi mtengo. Afunseni pamene wojambula anaima ndi kumene dzuwa lili. Afunseni chimene chili kunja kwa malire a chithunzi, kudzanja lamanja ndi lamanzere. Afunseni amene anamanga nyumbayo ndi kumene ana ake ali lero. Ana a kunyanja adzayankha zoposa zimene buku lidziwa, ndipo chimangirizo chao chidzakhala ndi mnofu. Phunziro limodzi lotere liphatikiza chinenero, mbiri yakale ndi maphunziro a malo.

Ngati inu nomwe mufuna kujambula, kapena kutuma ana a makalasi apamwamba, yambani mwaonekera kwa anyakwawa. Kumanda sikulowedwa wamba, ndipo m'midzi ya Achewa manda ena ndiwo dambwe la gule wamkulu, kumene munthu wosalowa saloledwa kuponda. Munthu wosamba kapena wochapa pagombe sajambulidwa osampempha. Safunsa anadya phula. Mukatha kujambula, khalani pansi ndi okalamba, lembani mau ao m'chinenero chao chomwe, kaya Chichewa kaya Chiyao, ndipo sungani pepalalo pamodzi ndi chithunzi m'kabati ya sukulu. Sukulu iliyonse ikachita chotero ndi mabwinja ochepa a m'dera lake, mphunzitsi wodza pambuyo panu adzapeza pophunzitsira mbiri ya kwao kwa anawo.

Chiweruzo changa pa zithunzi za Chembe zimene zafala nchakuti luso la maso lilipo lambiri, koma luso la makutu liperewera. Zikondweretsa, ndipo nkoyenera kuziyamika pa chimenecho. Koma sizitha kuphunzitsa mwana pazokha, chifukwa zichotsa anthu pa malo a anthu. Kubwezera anthuwo ndiyo ntchito yanu. Mwana wa pa Chembe akatha sukulu ya pulaimale akudziwa dzina la Maclear, koma osadziwa la Namalambe ndi la Ngunana, mlandu sudzakhala wa wojambula. Udzakhala wa mphunzitsi amene anapachika chithunzi pakhoma osafunsa kanthu.